Kodi Aphungu Ndi Oyenera Kupima Munthu Wodzawafufuza?

Pa 11 Meyi 2021, aphungu 18 a komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za kusankhidwa kwa anthu m'maudindo akuluakulu a boma anakhala pansi ku Lilongwe kuti afunse mafunso mayi Martha Chizuma. Pulezidenti Lazarus Chakwera anali atawasankha kuti akhale mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu ndi katangale la ACB, koma lamulo silimalola munthu kuyamba ntchitoyi komitiyi isanamuvomereze. Phungu aliyense anali ndi pepala lake lolembapo malikisi. Ataphatikiza ndi kugawa, mayiwa anapeza 14.9 pa 25, chonsecho kuti munthu adutse pamafunika 17. Anawakana.

Chimene chinautsa mkwiyo chinali kagawikidwe ka malikisiwo. Zinamveka kuti theka la aphungu linawapatsa malikisi okwera zedi, theka linalo otsikitsitsa. Anthu amene anakhala m'chipinda chimodzi, namva mayankho omwewo pa ola lomwelo, anatulukamo ngati anafunsa anthu awiri osiyana. Komanso mayiwa sanali mlendo kwa aphungu: anali atagwira ntchito ya Ombudsman kuyambira mu 2015, ndipo pa mpando umenewo anaikidwapo ndi komiti yomweyi. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu anaopseza kuti achita zionetsero, Pulezidenti anadandaula poyera, ndipo Nyumba yonse inafuna kuti komiti, imene wapampando wake anali mayi Joyce Chitsulo, ifotokoze zifukwa. Pa 17 Meyi komiti inakumananso. Aphungu ena a mbali yotsutsa boma anatuluka, ndipo 12 mwa 13 amene anatsala anavomereza dzina lomwe linakanidwa masiku asanu ndi limodzi m'mbuyomo.

Kuyambira nthawi imeneyo, nkhani ya udindo wa aphungu pa kusankha anthu ofufuza khalidwe la akuluakulu a boma siinathe. Ena akuti sabata imene ija inaonetsa kuti andale ayenera kuchotsedwamo mu ntchitoyi. Ena akuti inaonetsa kuti popanda Nyumba ya Malamulo tikanakhala pa moto woposa. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zolemera, ndipo si bwino kuthamangira kuweruza tisanazimve.

Tiyambe ndi mmene malamulo alili, poti ambiri timasokoneza maofesiwa. Ombudsman, amene amamva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maofesi a boma, amasankhidwa motsata gawo 122 la malamulo aakulu a dziko lino: Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo amalengeza za mpandowo, maina amachokera kwa anthu, ndipo komiti ya aphungu ndiyo imasankha. Pulezidenti alibepo dzanja. Mkulu wa ACB njira yake ndi ina. Lamulo la 1995 lomwe linakhazikitsa bungweli, limene linayamba ntchito zake mokwanira mu 1998, linapereka mphamvu yosankha kwa Pulezidenti, komiti n'kumangovomereza kapena kukana. Mu 2019 lamuloli linasinthidwa kuti ntchitoyo izilengezedwa, nduna izikhazikitsa gulu la anthu ochokera m'magawo osiyanasiyana loti liyese ofunsira, kenako lipereke maina osaposa atatu kwa Pulezidenti. Iye akatolapo limodzi, dzinalo limapitabe kwa aphungu. Choncho pa maofesi onse awiri, chipata chomaliza chili m'manja mwa komiti imodzi.

Amene akufuna kuti aphungu achoke pa chipatachi amayamba ndi funso limene aliyense wa kumudzi angalimve: kodi fisi mungamufunse kuti akusankhireni mlonda wa khola la mbuzi? Phungu ndi mmodzi mwa anthu amene ACB ikhoza kuwagogodera pakhomo. Kwa zaka zambiri aphungu akhala ndi mawu aakulu pa ndalama za chitukuko cha m'madera za CDF, zimene madandaulo ake satha: mlatho wolipiridwa koma wosamangidwa, chipinda chophunzirira chong'aluka mvula yoyamba. Ambiri ali ndi mabizinesi amene amafuna makontirakiti a boma. Onse amayenera kulengeza chuma chawo motsata lamulo la 2013. Zipani zawo zili ndi atsogoleri amene ena ali ndi milandu m'makhoti kapena mafayilo m'maofesi a ACB. Munthu wotere akapatsidwa pepala loti alembepo malikisi a wofufuza wodziwika kuti saopa munthu, dzanja lake lidzalemba chiyani? A mbali iyi akuti wofufuza akakhala wakhama kwambiri, mpamenenso mwayi wake wodutsa umachepa, ndipo akuti zimene zinachitika pa 11 Meyi ndi umboni wokwanira.

Mfundo yawo yachiwiri ndi ya zipani. Nyumba ya Malamulo ya Malawi yaonetsa kangapo kuti ikhoza kukana munthu pofuna kulanga amene wamusankha. Mu 2005 aphungu anakana mayi Mary Nangwale, amene akanakhala mayi woyamba kutsimikizidwa pa udindo wa mkulu wa apolisi. Nthawi imeneyo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anali atangotuluka m'chipani cha UDF n'kuyambitsa DPP, ndipo Nyumba inadzaza ndi aphungu omukwiyira. Kaya zifukwa zimene zinaperekedwa zinali zomveka kapena ayi, palibe amene angasiyanitse voti imene ija ndi nkhondo ya ndale ya chaka chimenecho. Boma likakhala ndi aphungu ochepa, komiti imasanduka chikwapu cha otsutsa. Likakhala ndi ochuluka, imasanduka chidindo chongomenya pa dzina lililonse lochokera ku nyumba ya boma. Ofuna kuti aphungu achoke pa chipatachi amafunsa kuti pa ziwirizi, kupima kwenikweni kumachitika liti?

Palinso nkhani ya luso. Kuti munthu akhale phungu, malamulo amafuna kuti akhale nzika ya zaka 21 kapena kuposerapo, yolembedwa m'kaundula wa voti, yodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana. Izi n'zoyenera pa ntchito yoimira anthu. Koma mkulu wa ACB amayenera kudziwa kulondola ndalama zodutsa m'makampani a m'chikwama, kusunga umboni kuti usagwe m'khoti, kupempha thandizo la ofufuza a maiko ena, ndi kuteteza mboni. Kodi phungu amene sanaonepo fayilo ya mlandu wotere angasiyanitse bwanji yankho lakuya ndi yankho longokoma m'khutu?

Mfundo imene imandikhudza kwambiri pa mbali imeneyi ndi ya ngongole. Munthu akadziwa kuti tsogolo lake lili m'manja mwa aphungu ochepa amene sadzafunsidwa chifukwa, mayesero oti akawaone mmodzimmodzi tsiku la mafunso lisanafike amakula. Akadutsa mwa njira imeneyo, amalowa mu ofesi ali kale ndi anthu amene sangawayang'ane m'maso atanyamula chikalata chowamanga. Ndipo woweruza kapena loya wa mbiri yabwino, amene safuna kugwadira munthu, amangoti bola ndikhale, kusiyana n'kukanyozeka pamaso pa dziko popanda wondiuza cholakwa changa. Anthu otere sitimawawerenga chifukwa maina awo safika n'komwe pa mndandanda. N'chifukwa chake mbali iyi ikuti ntchito yonse iperekedwe kwa gulu la akatswiri osalowerera ndale, monga oweruza opuma, a bungwe la maloya ndi akadaulo owerengera ndalama, ndipo amene wapambana mayeso ayambe ntchito basi.

Mbali inayo siikana kuti aphungu ali ndi zofooka zimenezi. Imangofunsa kuti mphamvu imene mukuwalandayo ikagwera m'manja mwa yani. M'dziko muno mphamvu yosowa mwini siikhalitsa panjira. Imakathera kwa Pulezidenti. Ndipo ndalama zikuluzikulu zimene zimasowa sizisowera ku Nyumba ya Malamulo. Zimasowera ku Capital Hill, m'maunduna ndi m'makampani a boma, komwe olamula ake amasankhidwa ndi Pulezidenti yemweyo. Cashgate ya mu 2013, pomwe kafukufuku woyamba wa kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasololedwa m'miyezi isanu ndi umodzi, inachitikira mu makompyuta olipirira ndalama a boma. Ngati nkhawa ndi yoti wofufuzidwa asasankhe womufufuza, ndiye kuti woyamba kumuchepetsera mphamvu ndi mtsogoleri wa dziko.

Mbiri ya ACB ikuchitira umboni mfundo imeneyi. Mu Julaye 2006 bungweli linamanga mtsogoleri wakale Bakili Muluzi, ndipo pasanathe tsiku Pulezidenti Bingu wa Mutharika anaimitsa ntchito mkulu wake, a Gustave Kaliwo. Mu Julaye 2015 mmodzi mwa akuluakulu a bungweli, a Issa Njauju, anaphedwa, galimoto yawo n'kutenthedwa. Kenako n'zimene zinawachitikira mayi Chizuma eni ake. M'mbandakucha wa pa 6 Disembala 2022, apolisi onyamula mfuti anazinga nyumba yawo ku Lilongwe, nawatengera ku polisi ya Namitete, pafupifupi makilomita 50 pa msewu wa ku Mchinji. Nkhani yake inali mawu awo amene anajambulidwa mobisa pa foni n'kufalitsidwa kumayambiriro kwa chaka chimenecho, ndipo wodandaula anali mkulu wozenga milandu ya boma, a Steven Kayuni. Tsiku lomwelo aphungu anafuna kuti boma lifotokoze, ndipo nduna ya zachilungamo inayenera kuimirira m'Nyumba kuyankha. Kumapeto kwa Januwale 2023 mlembi wamkulu wa mu ofesi ya Pulezidenti ndi nduna analemba kalata yowaimitsa ntchito. Bungwe la maloya la Malawi Law Society linathamangira kukhoti n'kutenga chiletso, ndipo mu Febuluwale milanduyo inathetsedwa. Pa kuimitsidwa ntchito ndi kumangidwa konseku, amene anafinya ofesi ya wofufuza anali maofesi a nthambi yolamula ya boma. Chimodzi mwa zinthu zimene zimaletsa Pulezidenti kungodzuka n'kuchotsa mkulu wa ACB ndi lamulo lomwe lija loti komiti ya aphungu ivomerezenso kuchotsedwako. Mukathyola chipata cholowera, dziwani kuti mwafooketsanso chotulukira.

Nanga gulu la akatswiri lija? A mbali iyi amati dzina lake n'lokoma, koma mufunse amene adzalisankhe. Pansi pa lamulo la 2019, gulu loyesa ofunsira limakhazikitsidwa ndi nduna, ndipo nduna ndi munthu wa Pulezidenti. Mafumu amakwezedwa ndi boma ndipo mswahala wawo umachokera ku boma. Atsogoleri a mipingo ndi a mabungwe nawo ali ndi zipani zimene amazikonda mumtima, ndipo ena tawaona akulandira maudindo boma likasintha. Munthu wotere akasankha molakwika, amabwerera kwawo mwakachetechete, palibe amene angamufunse. Phungu ali ndi dera, ali ndi dzina, ali ndi tsiku loonana ndi anthu ake, ndipo Amalawi sachita manyazi pochotsa aphungu: pa zisankho zambiri oposa theka sabwerera ku Nyumba. Komiti ija inasintha maganizo m'masiku asanu ndi limodzi chifukwa aphungu amaopa anthu. Gulu la akatswiri likanalakwa chimodzimodzi, anthu akanakalira pakhomo pa yani?

Umboni wamphamvu kwambiri wa mbali iyi ndi ofesi ya Ombudsman. Ngati aphungu sangasankhe munthu wolimba mtima, mayi Chizuma anachokera kuti? Anasankhidwa ndi aphungu okhaokha mu 2015, ndipo chaka chotsatira anatulutsa lipoti la mathirakitala. Boma linali litakongola ndalama zokwana madola 50 miliyoni ku banki ya Exim ya ku India, ndipo mwa zina linagula mathirakitala 177 ndi makina otonolera chimanga 144 oti athandize alimi ang'onoang'ono. Ambiri mwa makinawo anagulitsidwa pa mtengo wozizira kwa anthu a maudindo ndi ena odziwika, mlimi n'kutsala ndi khasu lake lomwe lija ndi ngongole yoti adzabweze pa msonkho. Ombudsman analamula kuti akuluakulu okhudzidwa apepese kwa Amalawi ndi kuti olakwa azengedwe milandu. Boma linakatsutsa kukhoti, koma mu 2019 bwalo lalikulu la apilo linagwirizana ndi Ombudsman. Lipoti limeneli linakhudza andale, ndipo linalembedwa ndi munthu amene andale anamuika pampando. Izi zikusonyeza kuti komiti yokhala ndi zipani zingapo zokokanakokana nthawi zina imagwirizana pa munthu amene si wa chipani chilichonse, chifukwa aliyense akuopa kupatsa mnzake chida.

Anzathu a ku South Africa ayenda njira ya aphungu mpaka patali, ndipo zimene akumana nazo zimapatsa mbali zonse ziwiri chonena. Kumeneko Public Protector, amene ntchito yake ikufanana ndi ya Ombudsman wathu, amasankhidwa ndi komiti ya aphungu, dzina lake liyenera kuvomerezedwa ndi aphungu 60 pa 100 alionse, ndipo amagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri zosawonjezereka. Njira imeneyi inabala mayi Thuli Madonsela mu 2009, amene lipoti lawo la mu 2014 lokhudza ndalama za boma zomwe zinalowa pa nyumba ya Pulezidenti Jacob Zuma ku Nkandla linachititsa kuti mtsogoleriyo abweze R7.8 miliyoni. Njira yomweyo, mu 2016, itafunsa anthu 14 pamaso pa makamera a kanema mpaka usiku wonse, inabala mayi Busisiwe Mkhwebane, amene malipoti awo angapo anagwetsedwa ndi makhoti ndipo mu Seputembala 2023 aphungu 318 anavota kuti achotsedwe, 43 okha n'kukana. Choncho kufunsa munthu poyera si mankhwala ochiza zonse. Komabe kumeneko aliyense akudziwa chipani chimene chinathandiza dzina liti ndi chimene chinakana, ndipo zifukwa zake zinanenedwa dziko likumva. Ife pa 11 Meyi tinangomva nambala.

Pali chinthu china chimene okondwera ndi zotsatira za 17 Meyi sakonda kuchikamba, ndipo ndiyenera kuchinena ngakhale ine ndinali mmodzi mwa okondwerawo. Komiti imene imakana Lachiwiri n'kuvomereza Lolemba lotsatira, popanda umboni watsopano, yagonjera mfuu. Ulendo umene uja mfuu inali kumbali ya chilungamo. Koma tsiku lina Pulezidenti wotchuka adzabweretsa munthu wokoma pakamwa, wokondedwa pa Facebook ndi pa mawayilesi, amene aphungu adzakhala ndi chifukwa chenicheni chomukanira. Tikazolowera kuti kukana kulikonse ndi chiwembu cha akuba, komiti siidzalimbanso mtima kukana munthu, ndipo chipata chidzakhala chilipo pa pepala pokha. Mphamvu yovomereza ili ndi tanthauzo pokhapokha ngati mphamvu yokana ikulemekezedwa. Ndipo anthu sangalemekeze kukana kumene sakudziwa chifukwa chake.

Apa mpamene ine ndaima. Aphungu akhalebe pa chipata, chifukwa pa onse amene angagwire mphamvuyi, ndi okhawo amene wovota angawafikire. Koma kapimidwe kawo kasinthe kotheratu. Mafunso a munthu wofuna kutsogolera ACB kapena ofesi ya Ombudsman aziulutsidwa pa wayilesi ndi pa kanema monga mmene timamvera zokambirana za m'Nyumba, ndipo pazikhala omasulira m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Mayi amene wapita ku chipatala cha boma ndi mwana wotentha thupi, dokotala n'kumulembera m'kabuku dzina la mankhwala, pawindo n'kumuuza kuti atha mukagule ku famase, ndiye amalipira mtengo wa katangale. Ali ndi ufulu womva ndi makutu ake zimene wofuna kukhala wofufuza akulonjeza, ndi mafunso amene phungu wake akufunsa. Funso lopanda pake limachita manyazi likamveka pa wayilesi.

Pepala la malikisi lizikhala ndi dzina la phungu, ndipo pansi pa nambala iliyonse pazikhala chifukwa cholembedwa. Ena adzati izi ziika aphungu pa chiopsezo, poti wofufuzayo akadutsa adzadziwa amene anamukana. Nkhawayi ndi yomveka, koma phungu amavota poyera pa bajeti ya dziko ndi pa kusintha malamulo aakulu, zinthu zimene zimakwiyitsa anthu amphamvu kuposa mkulu wa ACB. Amene akuona kuti munthu sakuyenera, anene kuti pa funso lakuti anayankha mwakuti, kapena kuti m'mbiri ya ntchito yake muli chakuti. Chifukwa chotere chikhoza kuyesedwa ndi atolankhani, ndi maloya, ngakhale ndi khoti. Komanso kuwerengera kwa kuphatikiza ndi kugawa kuli ndi msampha umene tinauona: kagulu kochepa kakapangana kupereka malikisi otsikitsitsa, kamagwetsa munthu ngakhale ena onse atamupatsa okwera. Kuli bwino malikisi azingothandiza pokambirana, chigamulo chizikhala voti yoonekera ya inde kapena ayi.

Pa nkhani ya fisi ija, yankho lake lilipo ndipo si lachilendo. Woweruza amene mlandu ukukhudza m'bale wake amadzichotsa. Phungu amene ali ndi mlandu wa katangale m'khoti, kapena amene wauzidwa kuti akufufuzidwa, azituluka m'chipinda pamene komiti ikupima mkulu wa bungwe lomwe likumufufuzalo, ndipo chipani chake chitumize wina. Pa nkhani ya luso, gulu la akatswiri lili ndi malo ake: lisefe ofunsira, litsimikize kuti mapepala awo ndi enieni ndipo zaka za ntchito zakwana, lipereke lipoti lake kwa komiti ndi kwa anthu. Akatswiri anene amene angathe ntchito. Aphungu anene ngati dziko lingamukhulupirire. Mu 2016 phungu Peter Chakhwantha anayesa kuti mphamvu yosankha mkulu wa ACB ichoke kwa Pulezidenti ipite ku Nyumba ya Malamulo, koma maganizowo anagwa. Ine sindiona vuto kuti dzina lizidutsabe kwa Pulezidenti, malinga atole pa maina ochepa amene apambana mayeso oonekera. Manja atatu ogwira chinthu chimodzi amavuta kuwagula onse.

Komabe zonsezi sizingaphule kanthu tikasiya zitseko ziwiri za kuseri zili pululu, ndipo pa mtsutso wonsewu zimenezi ndi zimene zimakambidwa mochepa. Choyamba ndi kutalika kwa nthawi ya ntchito. Mayi Chizuma anapatsidwa kontirakiti ya zaka zitatu, imene inatha mu Meyi 2024. Milandu ya katangale m'dziko muno imatenga nthawi yoposa pamenepo. Wa a Muluzi, umene unayamba mu 2006, unathetsedwa mu 2023 usanafike pa chigamulo. Wofufuza wa zaka zitatu amatha chaka choyamba akuphunzira ofesi, chachiwiri akumenyana ndi ziletso za kukhoti, chachitatu akuganiza ngati adzamuwonjezere. Amene akuyembekezera kuwonjezeredwa nthawi amayamba kuyeza mawu ake. Nthawi imodzi yotalikirapo, yosawonjezereka, monga achitira ku South Africa, imamasula munthu ku chiyembekezo chimenecho. Ndi bwino kuti mu 2022 aphungu anachotsa lamulo lokakamiza ACB kupempha chilolezo kwa mkulu wozenga milandu ya boma isanatengere munthu kukhoti. Nyumba yomweyo ikhoza kukonzanso izi.

Chitseko chachiwiri ndi cha wogwirizira. Lamulo limati mkulu wa ACB avomerezedwe ndi aphungu, koma wogwirizira udindo safika pamaso pa komiti. Mayi Chizuma atachoka, wachiwiri wawo, a Hillary Chilomba, anayamba kugwirizira. Ntchito yofuna mkulu watsopano itayamba, Ombudsman Grace Malera anapeza mu Novembala 2024 kuti kasankhidwe ka ena mwa oitanidwa ku mafunso kanali ndi zolakwika, ndipo nkhaniyo inakathera kukhoti. Dziko linafika pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, nyengo imene ndalama za boma zimayenda kwambiri ndipo mayesero amachuluka, bungwe lothana ndi katangale lilibe mkulu wotsimikizidwa. Sindikunena za khalidwe la munthu aliyense pano. Ndikunena za mpando. Wogwirizira, kaya akhale woongoka chotani, akhoza kusunthidwa ndi kalata imodzi, ndipo ngati nayenso akufuna mpandowo, womusankha ndi yemwe uja amene nduna zake ayenera kuzifufuza. Boma lililonse limene silikufuna kukumana ndi komiti lapeza njira yosavuta: osatumiza dzina.

Pamenepa mpamene aphungu akanaonetsa kuti udindo wawo amaudziwa. Lamulo liike malire: mpando ukatsala pang'ono kukhala wopanda munthu, ntchito ilengezedwe miyezi isanu ndi umodzi nthawi isanathe, wogwirizira asapitirire miyezi yowerengeka, ikadutsa, nduna iitanidwe ku komiti kukafotokoza poyera chimene chachedwetsa, ndipo wogwirizirayo aonekere pamaso pa aphungu ngati wina aliyense. Komiti imene inali ndi mphamvu zokana munthu m'tsiku limodzi mu 2021 inayenera kukhala ndi mphamvu zofunsa, mwezi ndi mwezi kuyambira mu Juni 2024, chifukwa chimene dzina la mkulu watsopano silinafike pa tebulo lake.